Kamera Imene Inapinda Ngalande

1. Madzi afufuta malire

Chaka chimenecho mvula inabwera ngati inayambana ndi anthu a ku Liwaladzi. Inavumba masiku anayi osakata, mtsinje n'kusefukira m'dambo la mpunga. Madzi ataphwa, alimi anapita kukaona minda yawo, koma anangogwira pakamwa. Timizere tonse tadothi tolekanitsa munda wa uyu ndi wa uje tinali titakokoloka. Dambo lonse linali see, ngati bwalo la mpira.

Malire akasowa, mtima wa munthu umakula. Amene anali ndi kamunda kongoyalapo mphasa zitatu anayamba kuloza kutali ndi ndodo, n'kumati konseko n'kwa makolo ake. Sabata isanathe, abambo awiri anali atasonyezana kale makasu.

Komiti ya alimi inali ndi pepala lakale losonyeza mmene dambolo linagawidwira. Pepalalo linkati malire aakulu amayenda mowongoka kuchokera pa chikhomo cha simenti cha pansi pa mtengo wa mango mpaka pa chipata cha ngalande, ndipo minda ina yonse imayezedwa kuchokera pa mzere umenewo. Koma pakati pa malo awiriwa panali mtunda wautali, bango ndi zithaphwi. Chingwe sichikanakokeka. Apa m'pamene anthu anakumbukira Thokozire.

Thokozire anali mtsikana wa zaka 19. Atamaliza Fomu 4 anachita mwayi wokaphunzira kuulutsa droni, tindege topanda woyendetsa m'kati, ku Lilongwe, ndipo pa mpikisano wa achinyamata kumeneko anapambana. Mphoto yake inali droni yeniyeni ya ntchito, pamodzi ndi ndalama zoti agulire kamera imene angasankhe yekha. Kumudzi droniyo ankangoiti kandege ka Thoko. Ambiri ankamuseka kuti anzake akubwera ndi mafiriji kuchokera ku Joni, iye wabwera ndi choseweretsa. Osekawo ndi amene tsopano anadzachita odi pakhomo.

Anagwirizana kuti Thokozire ajambule dambo lonse kuchokera m'mwamba, alembe mizere motsatira pepala lakale lija, ndipo Loweruka adzaonetse mapu pamsonkhano. Nthawi inali itatha. Mbande zinali zikukula pa nazale, ndipo mpunga wochedwa kuwokera subereka.

Chotsala chinali chimodzi: kandege kanalibe kamera.

2. Fahad abwera ndi mabokosi awiri

Lachinayi m'mawa Fahad anatsika minibasi pa Liwaladzi atanyamula chikwama. Fahad anali mnyamata wogulitsa zipangizo zamagetsi ku boma, wapakamwa poti akhoza kugulitsa usipa kwa msodzi. Anakumana ndi Thokozire pakhonde la nyumba yosungiramo mpunga ya komiti, n'kutulutsa mabokosi awiri.

"Achemwali, iyi yaing'onoyi ndiye ikuyenda malonda," anatero Fahad. "Ndi yopepuka, batire silitha msanga, mitundu imatuluka yowala bwino. Anyamata ojambula maukwati onse akugula imeneyi. Mukatenga iyi, ndalama zanu zitsalako zoti mugule mabatire ena awiri, ndi sola yotchajira pamwamba pake."

"Nanga inayo?"

"Inayo ndi ya mabwana oyeza malo. Wallahi ndi yabwino, sindingakunamizeni. Koma ikumezerani ndalama yonse, osatsala ndi ya zitumbuwa yomwe. Komanso ndi yolemera, kandege kanu kazitopa msanga."

Thokozire anayang'ana kabokosi kakang'ono kaja ndipo anakakhumbira. Kwawo kunalibe magetsi. Batire anali nalo limodzi, ndipo likatha ankayenda ulendo wa ola lathunthu kukatchajitsa kwa ometa tsitsi pa malo a malonda. Sola ikanamupumulitsa miyendo.

Koma kusukulu anamuphunzitsa kuti chida usagule usanachiyese.

"Ndiyese zonse ziwiri, achimwene," anatero.

"Yesani. Koma minibasi ya 3 koloko isandisiye."

Thokozire anamangirira kamera yaing'ono, kandege n'kunyamuka kakulira ngati njuchi. Kanayenda kuchokera pa mtengo wa mango mpaka pa chipata cha ngalande, n'kubwerera. Anamasula, n'kumangirira yaikulu, kandege n'kudutsanso momwemo. Katatera kachiwiri batire linali litatsala pang'ono kutheratu.

3. Mizere iwiri

Thokozire anatsegula laputopu yake pabenchi, n'kulumikiza zithunzi za kamera iliyonse kuti zikhale mapu. Pa mapu onse awiri analemba mzere wowongoka kuchokera pa chikhomo mpaka pa chipata. Atawaika pamodzi, anasendera pafupi n'kuyang'ananso.

Mizereyo siinkadutsa malo amodzi.

Pakati pa dambo panali kachulu, ndipo pamenepo m'pamene munda wa banja la Thokozire unkachita malire ndi munda wa mai Nester, mayi wamasiye wa ana anayi. Pa mapu a kamera yaing'ono, kachuluko kanali mbali ya kwa a Thokozire, monga mmene ankalimira zaka zonse. Pa mapu a kamera yaikulu, kachulu kanali kwa mai Nester, pamodzi ndi kachigawo ka mapazi asanu ndi atatu m'lifupi, kuyambira kumtunda mpaka kumunsi kwa munda.

"Chikuchitika n'chiyani pamenepa?"

Amene anafunsa anali a Raston, amalume ake a Thokozire, amene ankayang'anira munda wa banjalo. Anali ataima kumbuyo kwake, chipewa chili m'manja. A Raston sanapite patali ndi sukulu, koma pa nkhani ya malo maso awo anali akuthwa.

"Makamera akutsutsana, amalume."

"Ndiye ukuvutikiranji? Tenga yaing'onoyo. Ndi yotchipa, komanso ikunena zimene tonse tikudziwa."

Pabenchi lomwelo, chakumapeto, panakhala a Zangaphee, nkhalamba imene inkakonza mabowo a matumba a komiti ndi singano yaikulu. Anaika thumba pansi, n'kusendera pafupi.

"Mdzukulu wanga, tandikulitsira apa ndione," anatero, akuloza mapu a kamera yaing'ono ndi singano. "Ichi chayenda m'mbalimu n'chiyani?"

"Ndi ngalande ya simenti ija, agogo."

A Zangaphee anaseka mpaka kutsokomola.

"Ngalande imeneyo poikumba ine ndinalipo. Ndi yowongoka ngati nsungwi. Nanga apa yapindikiranji ngati nthochi?"

Thokozire anayang'anitsitsa. Zinali zoona. Pa mapu oyamba ngalande inali yokhota pang'ono, pomwe pa mapu achiwiri inali yowongoka bwinobwino. Anakumbukira zimene anaphunzira. Kamera yotchipa imajambula chithunzi pang'onopang'ono kuyambira pamwamba kutsika pansi, kandege kakuyendabe, ndiye zinthu zimakokeka. Galasi lake nalonso limapinda zinthu za m'mbali. Kamera yoyezera malo imagwira chithunzi chonse nthawi imodzi, ngati kuphethira. Pa ukwati kukhota kotere palibe amakuona. Pa munda kumasuntha malire.

Anafotokoza zimenezi, ndipo nkhope ya a Raston inagwa.

4. Chingwe cha khonje

A Zangaphee anabaya singano yawo pa thumba, n'kupukuta manja pa mawondo.

"Mdzukulu wanga, ndikuuze kanthu, ukafuna utaye. Ine ndili mnyamata ngati iweyo ndinkagwira ntchito kwa anthu oyeza malo. Ntchito yanga inali kukoka tcheni. Tcheni chimenecho chinali chachitsulo, cholemera, phewa ili linachita chipsera. Koma sichinkanama. M'mawa, masana, kudzuwa, kumvula, kutalika kwake kunali komweko.

"Chaka china tinapita kukagawa minda cha ku Dwambazi, tcheni n'kutayika panjira. Kapitawo wathu anati, tigulirenji china chodula, chingwe cha khonje chili mbwee pamsika? Tinagula chingwe. Ine ndinakondwa, poti chinali chopepuka.

"Koma khonje ali ndi khalidwe lake. M'mawa akanyowa ndi mame amafupika. Masana akauma, inu n'kumamukoka, amatamuka. Ndiye amene tinamuyezera m'mawa analandira munda waung'ono, wa masana analandira waukulu, pepala likuti minda yonse ndi yofanana.

"Kunali abale awiri, mimba imodzi. Wina tinamuyezera m'mawa, wina masana. Patapita zaka anazindikira kuti minda yawo ikusiyana, aliyense n'kumati mnzake ndi wakuba. Anatengerana kumabwalo mpaka mbuzi zinatha m'khola. Wamkulu atamwalira, wamng'ono sanapite kumaliro. Ana awo mpaka lero sapatsana moni.

"Chingwe chija sichinkadziwa kuti chikunama. Chingwe chilibe mlandu. Amene ankadziwa ndine, poti ndine ndinkachigwira, ndinkachimva m'manja mmene chikutamukira. Koma ndinakhala chete poopa kuchotsedwa ntchito. Ntchito ija inathabe, koma abale aja ndimawalota mpaka pano. Mlandu suola, mdzukulu wanga.

"Woyeza malo ali ngati wogwira sikelo pamsika. Anthu sayang'ana sikelo, amayang'ana nkhope yako n'kukukhulupirira. Dzulo sunkadziwa kuti kamera iyi imapinda zinthu, ukanagula unalibe tchimo. Lero wadziwa. Basi, ine ndathera pamenepa."

Anatolanso thumba lawo n'kupitiriza kusoka.

5. Mawu a amalume

A Raston anakodola Thokozire, napita naye kuseri kwa nyumba ija kumene kunalibe anthu.

"Thoko, iwe ndi mwana wa mlongo wanga. Nkhalamba ija isakusokoneze mutu, ilibe munda m'dambo muno. Tamvera ine.

"Chibale ndi fupa, sichiola. Anthu a komitiwa lero akukuombera m'manja, mawa akuiwala. Ukadwala adzakunyamula ndani? Ukadzapeza banja, adzakuimira ndani? Ndi Nester? Munda umenewu ndi wa amayi ako, mawa ndi wako ndi ana ako. Ukufuna uudule ndi dzanja lako lomwe?

"Ine sindikuti uname. Ndani wakuuza kuti uname? Ndangoti gula kamera imene thumba lako likukwanitsa, monga amachitira munthu aliyense wanzeru. Yodulayo Fahad abwerere nayo ku boma, chithunzi chake ufufute. Loweruka ukaonetsa zimene kandege kaona, basi. Ngalande yokhota pang'ono aiona ndani? Zangaphee akalankhula, anthu adzati ndi maso a ukalamba."

Thokozire anayang'ana pansi. Amalume akewo ankawakonda. Bambo ake atamwalira, ndi iwo amene anafolera nyumba ya amayi ake, ndipo tsiku limene ankapita ku Lilongwe anamunyamulira chikwama mpaka pamsewu. Kuwakana kunamuwawa kwambiri.

"Amalume, ndamva," anatero motsitsa mawu. "Koma si munda wathu wokha. Minda yonse iyezedwa kuchokera pa mzere umenewu. Ukakhota, aliyense m'dambomu alandira malire olakwika."

"Ena apindula, ena aluza. Ndi mmene dziko limayendera."

"Koma woyezayo ndikhala ine."

A Raston anavala chipewa chawo.

"Khotekhote ngwa njira, palinga mtima m'pomwepo. Ndaona kumene mtima wako walinga. Kasankhe."

6. Thokozire asankha

Atabwerera pakhonde anapeza Fahad akuyang'ana nthawi pa foni.

"Achemwali, minibasi sidikira. Tikulunge iti?"

"Yaing'onoyo bwezerani m'chikwama. Ndatenga yaikulu."

Fahad anatukula nsidze. "Mwaganiza bwino? Sola palibe, batire lina palibe. Dambo lonseli ndi batire limodzi, muziyenda kokatchaja kangati?"

"Miyendo ndili nayo."

"Mashallah. Ine ndimafuna makasitomala otere."

Thokozire anamutumizira ndalama pa foni, Fahad n'kuthamangira kumsewu. A Zangaphee anangogwedeza mutu ali pa ntchito yawo. A Raston anakankha njinga yawo, ndipo podutsa pafupi ndi Thokozire analankhula mosamuyang'ana.

"Kuyambira lero, kandege kakoko uzikasunga kwa Nester. Pakhomo panga kasapondepo."

Anakwera njinga n'kumapita, osati njira ya kunyumba, koma ya kwa wapampando wa komiti.

Thokozire analongedza zida zake. Misozi inalengeza m'maso koma sanailole kugwa. Mawa linali Lachisanu, ndipo anali ndi tsiku limodzi lokha loti ajambule dambo lonse. Anakasiya batire kwa ometa tsitsi, n'kuuyamba wa kunyumba dzuwa likadali pamwamba.

7. Zimene amayi ankadziwa

Anapeza amayi ake, mai Dailesi, atakhala pamkeka kuseri kwa nyumba akusenda chinangwa. Nkhani inali itafika kale, pakuti kumudzi mawu sadikira mwini wake.

"Khala pansi," anatero mai Dailesi. "Tandionetsa pamene mzere wadutsa."

Thokozire anatsegula laputopu n'kuwalozera kachulu. Ankayembekeza kuti amukalipira, kapena alira. Koma amayi akewo anangoyang'anitsitsa mapuwo, mpeni uli m'manja.

"Kamera yakoyo siinaname," anatero. "Malire enieni ndi amenewo. Ine ndinabadwira m'munda umenewu."

"Ndiye mumadziwa, amayi?"

"Amuna a Nester atamwalira, amalume ako anayamba kusuntha mzere. Chaka chilichonse khasu limodzi, khasu limodzi. Nester ankaona, koma mkazi wamasiye wobwera akanalimbana ndi ndani? Inenso ndinkaona, n'kukhala chete."

"Chifukwa chiyani?"

Mai Dailesi anaika mpeni m'lichero.

"Mpunga wa pa kachigawo kameneko sunkasakanizidwa ndi wina. Amalume ako ankaumanga pawokha, n'kukaugulitsa pawokha. Sanadyepo ngakhale mbale imodzi. Yunifolomu yako, fizi yako kuyambira Fomu 1 mpaka Fomu 4, zonse zinachokera pamenepo. Ukumukumbuka Sabrina, mwana woyamba wa Nester?"

Thokozire ankamukumbuka bwino. Ankakhala desiki imodzi ku pulaimale, ndipo pa masamu Sabrina ankamuposa nthawi zonse. Onse awiri anasankhidwa kupita ku sekondale. Sabrina anangophunzira teremu imodzi, kenako anthu anamva kuti wakwatiwa ku Benga.

"Anasiya chifukwa cha fizi," anatero mai Dailesi. "Banja lija linatha, mwezi watha wabwerera kwa amake. Ndiye Loweruka ukamaonetsa chithunzi chakocho, udziwe kuti sukuonetsa amalume ako okha. Ukuonetsa ine, ukudzionetsanso wekha."

Thokozire anamva manyazi amene anali asanawamvepo chibadwire. Anayang'ana laputopu, kandege, kamera yatsopano m'bokosi lake. Zonse ankati ndi thukuta lake.

"Ukhozabe kumuimbira Fahad," anatero amayi ake mosakweza mawu. "Ku boma si kutali."

Thokozire anatseka laputopu n'kuiika m'chikwama. Anaimirira.

"Sindimuimbira, amayi. Loweruka ndikaonetsa mapu oona. Koma mai Nester asakamvere pagulu. Ndikukawauza panopa."

Mai Dailesi sanamuletse. Anatolanso mpeni n'kupitiriza kusenda chinangwa.

Kwa mai Nester kunali kutsidya kwa msewu, kupitirira mzikiti. Njira yonse Thokozire ankasaka mawu oyambira, osawapeza. Anafika pabwalo, n'kuima pafupi ndi thandala la mbale.

"Odi kuno!"

Chitseko chinatseguka, koma amene anatuluka sanali mai Nester. Anali Sabrina, mwana ali kumsana, matope a kudambo akadali m'miyendo. Anayang'ana Thokozire, n'kuyang'ana chikwama, kenako anamwetulira monga ankachitira akamuposa masamu.

"Thoko! Ndiwe? Amayi apita kunazale, lowa uwadikire. Ndamva kuti unaphunzira mpaka kuulutsa ndege, mnzanga. Unachita mwayi. Tandiuza, kandege kako kaona chiyani m'munda mwathu?"